Kodi pulogalamu izingowerenga nthawi, kapena izikonzanso wotchi ya kompyuta?

Wolemba mapulogalamu, Matawale

Akuluakulu nonse, ndakupatsani moni. Ndabwera ndi funso lokhudza wotchi ya kompyuta, ndipo ndikupempha kuti muleze nane mtima pamene ndikufotokoza chiyambi chake, chifukwa yankho lingadalire mmene zinthu zilili kumene pulogalamuyi ikugwira ntchito.

Ndinalembera gulu lina la alimi a mpunga cha ku Jali pulogalamu ya Python imene imasunga dzina la mlimi, makilogalamu amene wabweretsa ndi ndalama zimene walandira, kenako n'kusindikiza lisiti lokhala ndi deti ndi nthawi. Kompyuta ya kumalo ogulira mpungawo ndi yakale ndipo ili ndi Ubuntu, pomwe ya mlembi wa gululo kuno ku tauni ili ndi Windows. Magetsi akazima usiku, m'mawa mwake kompyuta ya ku Jali imayaka ili m'chaka china chakalekale, ndipo malisiti amatuluka ndi deti yolakwika kufikira wina atazindikira. Nyengo yokolola alimi amakhala pamzere kuyambira m'mamawa, choncho kalaliki sakhala ndi mpata woyang'ana deti, koma pakutha pa mwezi mabuku a mlembi sagwirizana ndi malisiti amene alimi ali nawo m'manja, ndipo nkhani ya ndalama ikafika pamenepo anthu amayamba kukayikirana.

Maganizo anga anali akuti pulogalamu ikangotsegulidwa izitenga nthawi yolondola pa intaneti kudzera pa foni ya kalaliki, n'kukonza yokha wotchi. Pa Ubuntu, time.clock_settime ikundibwezera PermissionError ndi mawu akuti Operation not permitted. Pa Windows ndinaitana SetSystemTime kudzera mu ctypes, pulogalamu nditaitsegula ngati administrator, ndipo wotchi inasinthadi koma inapita patsogolo ndi maola awiri ndendende. Komanso deti ikabwerera m'mbuyo, pulogalamu imalephera n'kufika komwe pa tsamba limene ndimafuna kutengapo nthawi, imangodandaula za certificate, chiphaso chotsimikizira kuti tsambalo ndi lenileni.

Kodi njira yoyenera yowerengera nthawi ndi kuikonza kuchokera m'kati mwa pulogalamu ndi iti, makamaka malo amene magetsi ndi netiweki sizodalirika?

Woyang'anira netiweki, Chinamwali

Achimwene a ku Matawale, zonse zimene mwakumana nazozo zili ndi zifukwa zodziwika, koma ndiyambe ndanena maganizo anga mosabisa: pulogalamu yolemba malisiti isamakonze wotchi. Iziwerenga nthawi, izionetsetsa ngati nthawiyo ndi yomveka, ndipo kukonza kuzisiyidwa m'manja mwa chida chimene chinapangidwira ntchito imeneyo.

Kompyuta ili ndi mawotchi awiri. Yoyamba ili pa motherboard, imatchedwa RTC, imayendera kabatire ka CR2032 ka mavoti 3, ndipo imawerenga kunjenjemera kwa kamwala ka quartz kamene kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi iliyonse. Yachiwiri ndi chiwerengero chimene kernel, mtima wa Linux kapena Windows, imasunga kompyuta ikakhala yoyaka. Pa Linux chiwerengerochi ndi masekondi kuchokera pakati pa usiku wa pa 1 Januwale 1970 pa nthawi ya UTC, imene ndi muyeso wa nthawi wa dziko lonse lapansi, pomwe Windows imawerenga kuchokera m'chaka cha 1601. Kompyuta ikamayaka imatenga nthawi ku wotchi yoyamba n'kuipereka kwa yachiwiri, ndipo kuchokera apo yachiwiriyo imayenda payokha. Pulogalamu yanu ikaitana time.time imawerenga yachiwiriyi, ndipo clock_settime imasinthanso yomweyo, osati ya pa motherboard. Choncho ngakhale chilolezo mukanakhala nacho, magetsi akanazimanso mukanabwerera pomwe munali, pokhapokha mutalemba nthawiyo ku RTC ndi hwclock --systohc, ndipo RTC yo ikhale ndi batire lamoyo.

Kukanizidwa kumene mwaona pa Ubuntu n'kwadala. Kuwerenga nthawi n'kololedwa kwa aliyense, koma kuisintha kumafuna root, akaunti yokhala ndi mphamvu zonse, kapena chilolezo chotchedwa CAP_SYS_TIME, ndipo pa Windows chofanana nacho ndi SeSystemtimePrivilege. Chifukwa chake n'chakuti wotchi imeneyi si ya pulogalamu imodzi. Ntchito zimene cron imayendetsa pa nthawi yoikika, mbiri ya zochitika m'kompyuta, database ndi ma certificate zonse zimaikhulupirira. Ndikupemphani kwambiri kuti musayendetse pulogalamu yonse ya malisiti ngati root pofuna kuzemba chotchingachi, chifukwa mukatero cholakwika chilichonse chaching'ono m'pulogalamuyo chimakhala ndi mphamvu yoononga kompyuta yonse.

Za maola awiriwo, dziko lathu lili pa nthawi ya Central Africa Time, imene ili patsogolo pa UTC ndi maola awiri chaka chonse. SetSystemTime imayembekezera nthawi ya UTC. Mukaipatsa 9 koloko ya ku Zomba, iyo imaitenga ngati 9 koloko ya UTC, ndipo Windows ikawonjezera maola awiri a dera lathu imakusonyezani 11 koloko. SetLocalTime ndi imene imalandira nthawi ya kwathu kuno. Mu Python momwemo muli msampha wofanana: datetime.utcnow imapereka nthawi ya UTC yopanda chizindikiro cha dera, ndipo mukaisandutsa masekondi ndi timestamp, Python imaiyesa nthawi ya m'dera lanu n'kuchotsapo maola awiri. Kuyambira pa Python 3.12 anailengeza kuti isamagwiritsidwenso ntchito. Itanani datetime.now mutaipatsa timezone.utc, sungani zimenezo mu database, ndipo posindikiza lisiti sandutsani ndi zoneinfo pogwiritsa ntchito dzina lakuti Africa/Blantyre.

Kudandaula kwa certificate kukusonyeza chifukwa chake kutenga nthawi pa tsamba la intaneti si njira yabwino. Certificate iliyonse ili ndi tsiku loyambira ndi lothera, ndipo zambiri masiku ano zimakhala za masiku 90 okha. Kompyuta imene ikuganiza kuti ili zaka khumi m'mbuyo imaona certificate ya chaka chino ngati yosayamba kugwira ntchito, ndiye imakana kulumikizana. Mukufuna nthawi yolondola kuti mufike pa tsambalo, koma mukupita pa tsambalo kuti mupeze nthawi yolondola. Ena amathetsa zimenezi pozimitsa kufufuza kwa certificate, ndipo chizolowezi chimenecho n'choipa kwambiri m'pulogalamu yosunga ndalama za anthu.

Njira yokhazikika ndi NTP, ndondomeko yofunsira nthawi kwa seva pa intaneti, imene David Mills anaifalitsa mu 1985. Imadutsa pa UDP, pa port 123, ndipo siidalira certificate. Kompyuta yanu imalemba nthawi imene yatumiza funso ndi imene yalandira yankho, seva nayo imalemba nthawi imene yalandira ndi imene yayankha, ndipo kuchokera pa manambala anayiwo kuchedwa kwa panjira kumachotsedwa. Uthenga wake ndi wa ma byte 48 okha, choncho bandulo ya kalaliki siidzatha chifukwa cha zimenezi. Ikani chrony, pulogalamu yokonza wotchi kudzera mu NTP, pa Ubuntu yo, ilozeni ku pool.ntp.org, ndipo onetsetsani kuti mu fayilo yake muli mizere iwiri iyi: makestep 1 3, umene umailola kulumphitsa wotchi pa kukonza kutatu koyambirira ngati kusiyana kwaposa sekondi imodzi, ndi rtcsync, umene umachititsa kernel kulemba nthawi yolondola ku RTC mphindi 11 zilizonse.

Wokonza makompyuta, Mpondabwino

Achemwali a ku Chinamwali afotokoza bwino, ine ndingowonjezera za m'kati mwa bokosi, popeza ndi kumene ndimagwira tsiku ndi tsiku. Achimwene, musanalembe mzere wina uliwonse, tsegulani kompyutayo musinthe batire. Ndi kachitsulo kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kotambalala mamilimita 20, ndipo kamapezeka kwa ogulitsa mawotchi ndi zipangizo za mafoni mu msika wa Zomba. Muyese ndi multimeter: latsopano limaonetsa mavoti 3 kapena kupitirirako pang'ono, ndipo limene latsika kufika cha m'ma 2.5 ine sindilibwezeramo.

Mwina mukudabwa kuti bwanji deti imasokonekera magetsi akazima okha, osati kalaliki akazimitsa kompyuta madzulo. Makompyuta ambiri a patebulo akakhala olumikizidwa ku soketi amalandirabe kamphamvu kochepa ngakhale atazimitsidwa, ndipo RTC imayendera komweko. Batire limagwira ntchito pokhapokha magetsi a pakhoma atachoka. N'chifukwa chake batire lakufa limatha kubisala nthawi yaitali m'maofesi amene magetsi sazimazima, koma kumudzi limaonekera msanga.

Mukasintha batire, lowani mu BIOS, makonzedwe a motherboard amene mumafikako kompyuta ikamayaka, muike deti, ndipo muikenso pasiwedi. Ndikunena zimenezi chifukwa si nthawi zonse pamene wotchi imabwerera m'mbuyo yokha. Paliponse pamene lisiti limatanthauza ndalama, pamakhala chiyeso chobweza deti kuti zogula za lero zioneke ngati za dzulo, makamaka mtengo wa pa kilogalamu ukasintha pakati pa sabata. Sindikuloza chala kalaliki wanu, koma pulogalamu imene ili ndi mphamvu yosintha wotchi imatsegula khomo limene likanakhala lotseka, ndipo kalaliki wokhulupirika amatetezeka bwino ngati aliyense akudziwa kuti iye sangathe kusintha deti ngakhale atafuna.

Pa kompyuta ya mlembi musalimbane ndi ctypes. Windows ili kale ndi Windows Time, imene imafunsa time.windows.com, ndipo lamulo lakuti w32tm /resync limaikakamiza kufunsa nthawi yomweyo. Dziwani kuti pa kompyuta imene siili mu domain, kutanthauza netiweki ya ofesi yoyendetsedwa ndi seva, chida chimenechi chimakana kukonza ngati kusiyana kwaposa masekondi 54,000, amene ndi maola 15, choncho deti ikasochera ndi zaka muyambe mwaiyandikiza ndi manja. Ndipo ngati tsiku lina mudzaika Ubuntu ndi Windows pa kompyuta imodzi, maola awiri aja mudzakumana nawonso, chifukwa Linux imasunga UTC mu RTC pomwe Windows imayembekezera kupezamo nthawi ya m'dera.

Wolemba mapulogalamu, Matawale

Zikomo kwambiri nonse awiri. Za maola awiri ndi za certificate zamveka, ndipo batire ndikasintha ulendo ukubwerawu. Chimene chikundidetsabe nkhawa ndi netiweki. Kumalo ogulira mpungawo foni imagwira mwa apo ndi apo, ndipo kalaliki amayatsa hotspot pokhapokha akamatumiza ziwerengero kwa mlembi, nthawi zambiri madzulo ntchito itatha. Zikatero chrony idzakonza wotchi malisiti a tsikulo atatuluka kale. Batire latsopano nalo lidzatha tsiku lina, ndipo ine ndidzakhala ndili kuno ku tauni. Kodi pulogalamu ingadziwe bwanji payokha kuti nthawi imene yawerenga ndi yabodza, ndipo ikadziwa ichite chiyani ngati siiloledwa kukonza?

Mphunzitsi wa za makompyuta, Domasi

Bambo a ku Matawale, funso lanu lachiwirili ndi limene lili ndi phindu lalikulu, ndipo pano ndisiyana pang'ono ndi Mayi a ku Chinamwali. Lamulo lakuti pulogalamu isakhudze wotchi ndi labwino kumene intaneti ilipo nthawi zonse, koma cha ku Jali kuletsa kokha kungaimitse ntchito alimi ali pamzere ndi matumba awo. Pafunika njira yokonzera imene ndi yopapatiza ndiponso yosiya umboni.

Poyamba, pulogalamu ingathe kuzindikira bodza popanda intaneti, chifukwa ili ndi mboni m'manja mwake, imene ndi lisiti lomaliza mu database. Ikatsegulidwa iwerenge nthawi ya tsopano n'kuiyerekeza ndi ya lisiti limenelo. Ngati ya tsopano ili m'mbuyo, wotchi ndi yolakwika mosakayikitsa, ndipo pulogalamu ikane kusindikiza kufikira zitakonzedwa. Ngati ili patsogolo ndi miyezi yambiri pakati pa nyengo yogula, ifunse kalaliki kuti atsimikize deti poyang'ana pa foni yake, popeza foni imalandira nthawi kuchokera ku nsanja za netiweki ngakhale bandulo itatha. Pulogalamu ingathenso kufunsa Ubuntu ngati wotchi yagwirizanitsidwa ndi NTP, kudzera mu timedatectl show -p NTPSynchronized, ndipo yankholo izilisunga pambali pa lisiti lililonse. Mlembi akamaunika mabuku adzadziwa malisiti amene nthawi yake ndi yotsimikizika ndi amene ayenera kuwaonanso.

Chachiwiri, ndipo ichi ndikuchitsindika, ndondomeko ya malisiti isadalire wotchi. Lisiti lililonse likhale ndi nambala yongokwera, imene database imapereka, ndipo kusanja kuzichitika ndi nambalayo. Wotchi ikasokonekera mudzataya deti, koma simudzataya kuti anayamba ndani ndipo anatsatira ndani. Chimodzimodzinso poyesa kutalika kwa nthawi, monga kutseka pulogalamu kalaliki akachokapo kwa mphindi khumi, gwiritsani ntchito time.monotonic, imene imangopita patsogolo ngakhale wina atasintha deti. Kumbukirani kuti imeneyi imayambiranso kompyuta ikazimitsidwa, choncho si yoti muzisunga mu database.

Tsopano za kukonzako. Lembani kapulogalamu kapadera ka mizere yochepa kamene ntchito yake ndi imodzi yokha: kulandira deti ndi nthawi, kukana ngati zili m'mbuyo mwa lisiti lomaliza, kulemba mu fayilo ya root nthawi yakale ndi yatsopano, kenako n'kusintha wotchi ndi kuilemba ku RTC. Mu sudoers, fayilo yonena amene angayendetse lamulo ngati root, lolani akaunti ya kalaliki kuyendetsa kapulogalamu kameneka kokha, ndipo fayilo ya kapulogalamuko ikhale yoti root yekha ndiye angaisinthe. Mukatero pulogalamu yaikulu imakhalabe yopanda mphamvu, wotchi siingabwezedwe m'mbuyo, ndipo kusintha kulikonse kuli ndi mbiri yake. Dziwani kuti timedatectl set-time imakana NTP ikakhala yoyatsidwa, choncho kapulogalamuko kayambe kaizimitsa ndi set-ntp false ndipo kakamaliza kaiyatsenso. Kuiwala kuyatsanso kumeneku ndi kumene kumasiya makompyuta ambiri akuyenda osakonzedwanso.

Ngati gululo lingakwanitse kugula kachipangizo, GPS ya pa USB imathetsa nkhani yonseyi, chifukwa ma satellite amatumiza nthawi yolondola kwaulere ndipo chimene chimafunika ndi kuona kumwamba basi. Pulogalamu ya gpsd imawerenga nthawiyo n'kuipereka kwa chrony. Mugule yatsopano, chifukwa chiwerengero cha masabata cha GPS chimabwerera pa ziro pakatha masabata 1,024, monga zinachitikira pa 6 Epulo 2019, ndipo zipangizo zina zakale zinayamba kupereka deti ya zaka pafupifupi 20 m'mbuyo. Ophunzira anga amene amagwiritsa ntchito Raspberry Pi 4, imene ilibe RTC n'komwe, amalumikizapo DS3231, imene kusochera kwake ndi pafupifupi mphindi imodzi pa chaka. Quartz wamba wa pa motherboard akasochera ndi magawo 20 pa miliyoni, pa tsiku ndi masekondi 1.7 ndipo pa mwezi safika mphindi imodzi, zimene pa malisiti a mpunga si vuto. Choncho batire likakhala lamoyo, kulumikizana kwa madzulo kumene mwatchulako n'kokwanira ndithu.

Woyang'anira netiweki, Chinamwali

Aphunzitsi, kapulogalamu kapadera kamene mwafotokozako ndikuvomereza, chifukwa kakusiya mphamvu pamalo amodzi oonekera. Ndingochenjeza pa mbali imodzi. Kalaliki akalakwitsa polemba chaka n'kuika deti yakutsogolo, lisiti limodzi lokha likasindikizidwa, lamulo lokana kubwerera m'mbuyo lidzatsekera aliyense kunja, chifukwa nthawi yeniyeni idzaoneka ngati yakale. Kapulogalamuko kazikana kulumpha kopitirira masiku angapo popanda chilolezo cha mlembi, ndipo mlembiyo akhale ndi njira yoikira chizindikiro pa lisiti lolakwikalo osalifufuta.

Achimwene, popeza hotspot imayatsidwa madzulo, mzere wa makestep 1 3 udzagwirabe ntchito, chifukwa umawerenga kukonza kutatu koyambirira osati mphindi zoyambirira. Pambuyo pake chrony siilumphitsanso wotchi, imangoifulumizitsa kapena kuichedwetsa pang'onopang'ono kufikira itafanana ndi ya seva, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira pamene database ili yotsegula. Ena amalemba makestep 1 -1 kuti izilumpha nthawi iliyonse, koma pa kompyuta ya malisiti musatero. Yatsaninso chrony ndi -s, kuti ikapeza RTC ili m'mbuyo mwa nthawi imene driftfile yake, fayilo imene imasungamo kusochera kwa wotchi, inalembedwa komaliza, iyambire pa nthawi ya fayiloyo. Tsiku limene batire lidzafe, kompyuta idzayaka ili pa dzulo madzulo m'malo mwa zaka khumi zapitazo.

Posunga nthawi mu database, lembani mwa ndondomeko ya ISO 8601, monga 2025-06-14T07:30:00Z, imene ndi 9:30 m'mawa ku Zomba, kapena sungani masekondi mu nambala ya ma bit 64. Nambala ya ma bit 32 idzadzaza pa 19 Januwale 2038 nthawi ya 03:14:07 UTC, ndipo popeza kompyuta yanu ndi yakale, onani ndi uname -m ngati ikulemba x86_64 (ma bit 64) kapena i686 (ma bit 32). Powerengera zogula za tsiku kapena za mwezi, yambani mwasandutsa nthawi kukhala ya kwathu musanagawe masiku, chifukwa chilichonse cholembedwa pakati pa 12 koloko ndi 2 koloko usiku pa 1 Julayi kuno, mu UTC chimagwera pa 30 Juni, ndipo mlembi akamalowetsa ziwerengero usiku chingapezeke m'mwezi wolakwika.